MAGANIZO ATHU: Lamulo la mababu lili ndi zibowo, koma cikumbumtima cisakhale nazo

Pa msonkhano wa mphakati m'mwezi wa June, amai ena oweta nkhuku zoyera anaimirira ndi funso limene linatisowetsa poyankha. Anati anagula anapiye 100, ndipo popeza anamva kuti mababu akale otentha aja analetsedwa ndi boma, anapacika mababu a LED m'khola. Khola linawala ngati masana, koma kutentha munalibe. Usiku wacitatu anapiye anaunjikana pangodya kuthawa mphepo, ndipo pofika m'mawa 17 anali atafa, ena ndi kuzizira, ena ndi kupsinjana. Tsiku lomwelo mnzao anawaperekeza ku sitolo ina ya pa boma, kumene wogulitsa anasolola katoni pansi pa kauntala, nati: "Awa ndi a nkhuku amai, musaope." Ndiye funso la amaiwo linali ili: "A katekisiti, ine ndinamvera lamulo ndipo ndataya anapiye. Mnzanga sanamvere ndipo ake onse ali moyo. Wanzeru ndani pamenepa?"

Funsoli si loseketsa. Amaiwo anataya ndalama za ngongole, ndipo ngongole siimva kuti kunali kozizira. Koma pali funso lina limene ifenso tifuna kufunsa. Yendani madzulo m'mphepete mwa mseu wa Great East pa Nyimba, kapena muzungulire msika wa Petauke magetsi akakhalapo. Mudzaona mababu omwewo "a nkhuku" ali kuyaka pa makonde, pa tuntemba, pa malo omwera mowa, ngakhale pa zimbudzi. Kodi nkhuku zonsezi zili kuti? Apa mpamene pali nkhani yathu ya lero: kusiyanitsa munthu amene ali ndi cosowa ceniceni ndi munthu amene wangopeza cibowo cothawirapo lamulo.

Tiyambe takumbutsana kumene lamuloli linacokera. M'caka ca 2015 mvula inabvuta, madzi m'damu la Kariba anatsika, ndipo kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku. Dziko lathu limadalira madzi pa mbali yaikulu ya magetsi ake, motero Kariba akaphwa, cigayo ca ku Petauke cimaima. Kumanga malo atsopano opangira magetsi kumatenga zaka ndi ndalama zambiri, koma kusintha babu kumatenga mphindi imodzi. Ncifukwa cake mu 2016 boma linalengeza kuti laletsa kupanga ndi kuitanitsa kucokera kunja mababu akale a kawaya kotentha, ndipo linalemba zimenezi mu Statutory Instrument nambala 74 ya 2016. Pamene nkhaniyi inali kukambidwa kumayambiriro a cakaco, unduna woona za magetsi unali m'manja mwa mai Dora Siliya, amene panthawiyo anali phungu wa Petauke Central. Sitinali tokha, cifukwa maiko a m'bungwe la SADC anali atagwirizana kuti mababuwa athe, ndipo Zimbabwe inaika lamulo lake mu 2017. Kumayambiriro a 2017 a ZESCO analengezanso cikonzero cogawa mababu a LED 5 miliyoni kwaulere posinthana ndi akale.

Nanga babu lakale linalakwa ciani? Mkati mwake muli kawaya kakang'ono kamene magetsi amakatenthetsa mpaka kufiira ndi kuwala. Pa mphamvu yonse imene babulo limadya, yoposa magawo 90 pa 100 alionse imasanduka kutentha, ndipo yocepa cabe ndiyo imasanduka kuwala. Kunena zoona, ndi kambaula kakang'ono kamene kamawalako pang'ono. Babu la LED la mawati 9 limawala mofanana ndi babu lakale la mawati 60. Lakale limakhala maola pafupifupi 1,000 n'kupsa, pamene la LED labwino limatha kufika maola 15,000 kapena kuposa.

Tiyeni tiwerengere limodzi monga ticitira pogulitsa nshawa. Nyumba ya mababu anai a mawati 60, oyaka maola 5 usiku ulionse, imadya mayuniti 36 pa mwezi pa kuunika kokha. Nyumba yomweyo ikaika mababu anai a LED a mawati 9, imadya mayuniti 5 ndi theka osakwana. Kusiyana kwake ndi mayuniti 30 mwezi ulionse. Amene mumagula mayuniti mudziwa nokha mtengo wake. Tsopano ganizirani nyumba 1,000 zotere zitayatsa nthawi imodzi dzuwa litalowa. Ndi mababu akale zimakoka makilowati 240, ndi a LED makilowati 36. Otsalawo ndi amene akanayendetsa mipope ya madzi, zigayo ndi mafiriji osungira mankhwala. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Lamuloli linali ndi nzeru, ndipo ife tilibvomereza.

Koma lamulo lili ngati nkhokwe. Ungaiphome bwino bwanji, khoswe amayendayenda kufuna pamene dothi lagamphuka. Zibowo za lamuloli tazionapo zinai.

Cibowo coyamba ndi mau akuti "katundu wakale". Mphamvu ya lamuloli ili pa kupanga ndi kuitanitsa. Motero wogulitsa akafunsidwa, amangoti awa ndi otsala amene analowa lamulo lisanabwere. M'caka coyamba yankholi linali lomveka. Koma lero, patapita zaka zonsezi kucokera 2016, katoni yomweyo sikutha? Ngakhale nkhokwe ya mfumu imatha. Katundu amene amagulidwa tsiku ndi tsiku koma osatha ndiye kuti ali ndi njira imene amalowera usiku.

Cibowo caciwiri ndi malire. Maboma athu a Nyimba ndi Petauke ali pafupi ndi Mozambique, ndipo abale athu a mbali zonse ziwiri amaoloka ndi njinga ndi zithuthuthu kupita ku maliro, ku maukwati ndi ku misika. Zipata zodziwika monga Mwami ku Chipata ndi Chanida zili ndi anchito a ZRA, koma njira zacidule za m'thengo zilibe mlonda. Babu ndi kanthu kopepuka, ndipo makatoni angapo amakwana pa keliyala ya njinga. Tidziwenso kuti dziko la China, limene limapanga mababu ambiri padziko lonse, linaletsa kugulitsa mababu akalewa kwao m'magawo kuyambira 2012 kufikira 2016. Cimene eni ake anacikana m'nyumba zao, ife ticilandira ndi manja awiri cifukwa cabwera cochipa. Kodi tasanduka dzala?

Cibowo cacitatu ndi kusintha dzina. Ici si ca kuno kokha. Maiko a European Union anayamba kucotsa mababu akale pa 1 September 2009 mpaka 2012. Mu 2010 injiniya wina wa ku Germany, a Siegfried Rotthäuser, anaitanitsa mababu omwewo a mawati 75 ndi 100 n'kuwacha Heatball, nati iye sagulitsa nyali koma timbaula totenthetsa nyumba. Oyamba 4,000 anagulidwa onse mwamsanga. Aciwiri 40,000 anagwidwa ndi a kasitomu, ndipo makhoti anakana nzeru yakeyo. Ku Britain ndi maiko ena a kumeneko, ogulitsa anapezanso kuti lamulo linalola mababu olimba opangidwira m'mafakitale ndi m'magalaji mmene muli kugwedezeka. Mwadzidzidzi masitolo anadzaza ndi mababu "a m'fakitale", ndipo anthu anali kuwayatsa m'zipinda zogona, mpaka lamulo linakonzedwanso kuti cibowoco citsekeke. Ku America lamulo la 2007 linasiya mitundu yambiri ya mababu kunja kwa ciletso, ndipo panapita zaka 16 kufikira pa 1 August 2023 pamene kugulitsa mababu akale a m'nyumba kunatsekedwa kotheratu. Mukuona kuti mau akuti "awa ndi a nkhuku" ali ndi abale ao kutsidya kwa nyanja.

Palinso babu lochedwa halojeni, limene kunja lifanana ndi lakale, koma mkati muli kagalasi kena kakang'ono. Limeneli limasungako magetsi pang'ono, mawati 42 m'malo mwa 60, koma nalo limatentha, ndipo lili kutali kwambiri ndi mawati 9 a LED. Ku Ulaya linakhala pothawira kwa zaka zingapo mpaka analicotsa mu September 2018. Musanyengedwe ndi mau okoma olembedwa pa katoni. Yang'anani nambala ya mawati.

Cibowo cacinai ndico coopsa koposa, cifukwa cimapha cikhulupiriro ca anthu. Ndi mababu a LED acabecabe. Munthu amamvera uphungu, nagula babu lolembedwa kuti lidzakhala zaka zambiri, koma patapita milungu itatu layamba kuphethira ngati ciphaniphani, kenaka lafa. Akagula laciwiri ndi lacitatu n'kufanso, amabwerera ku lakale nati: "Bola lomwe ndilidziwa." Munthu wotere sitingamudzudzule. Boma likatseka khomo la babu lakale koma n'kusiya zenera lotsegula kuti zinyalala zilowe ndi dzina la LED, ndiye kuti mmphawi walangidwa kawiri.

Tsopano tibwerere kwa amai a anapiye. Cosowa cao ndi ceniceni. Mwanapiye wa tsiku limodzi satha kudzitenthetsa yekha. Sabata loyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 kufikira 35, ndipo kumacepetsedwa ndi madigiri pafupifupi 3 sabata lililonse mpaka nthenga zitamera. Amene amaswetsa mazira m'mabokosi opanga okha afunika madigiri 37 ndi theka kwa masiku 21. Pa nchito izi, kutentha kumene tikuti ndi kuononga m'nyumba ndiko kofunika m'khola. Babu la LED silingacite nchito imeneyi. Amene anauza alimi kuti "sinthani mababu" osawafotokozera zimenezi anasiya uthenga panjira. Maiko ambiri amene analetsa mababu akale anasiya dala mwai wa mababu a nchito zapadera, monga a mu uvuni ndi otenthetsera ziweto. Kupatula kotere si cibowo iai. Ndi khomo loikidwa poyera, lokhala ndi dzina ndi colinga.

Uphungu wathu kwa alimi ndi uwu. Pali nyali zopangidwira nchito yotenthetsa anapiye, zofiira zija za mawati 175 kapena 250, zimene zimapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya ndi mankhwala a ziweto. Zimaponya kutentha pansi pamene pali anapiye, osati ku denga. Zipacikeni ndi waya kapena cheni, osati ndi cingwe ca magetsi, ndipo zitalikire utuci ndi udzu. Cingani malo a anapiye mozungulira ndi makatoni kapena malata kuti pasakhale ngodya younjikanapo. Anapiye eni ake adzakuuzani: akaunjikana pansi pa nyali ndiye kuti azizidwa, akathawira m'mbali ali kukamwa yasa ndiye kuti kwatentha, akamwazikana ndi kumadya ndiye kuti zili bwino.

Ndipo musaike moyo wa anapiye pa magetsi okha. Tonse tikumbuka caka ca 2024. Pa 29 February mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo pofika September nyumba zambiri zinali kuona magetsi maola atatu cabe pa tsiku. Ku Kariba kunafika poti makina amodzi okha mwa asanu ndi amodzi ndiwo anali kuzungulira. Babu la nkhuku linathandiza ndani masiku amenewo? Khalani ndi mbaula pambali, koma makala ayambe ayaka bwino panja utsi uthe musanalowetse, muicinge kuti anapiye asapse, ndipo siyani mpata wolowera mpweya. Mpweya wa makala m'cipinda cotseka umapha nkhuku ndi mwini wake yemwe, ndipo sununkha. Ana asagone m'cipinda ca anapiye kuti alondere mbaula.

Tidziwa kuti ena a inu muli ndi zotsutsa, ndipo nzomveka. Wina adzati: "Ine kumudzi kwathu waya wa ZESCO sunafike, nkhani ya mababu indikhudza bwanji?" Zoona, midzi yambiri ya m'cigawo cathu ca Kum'mawa ikali kudikira. Koma m'bale wanga, ukadwala usiku amakutengera ku Minga kapena ku cipatala ca Nyimba, kumene afuna magetsi. Cimanga cako cimagayidwa ndi magetsi. Ndipo iwe wa sola ndiwe mphunzitsi wathu, cifukwa unadziwa kale kuti batire silicedwa kutha ndi babu lodya kwambiri. Palibe wa sola amene amayatsa babu la mawati 100. Cimene iwe ucita pa batire lako, dziko liyenera kucita pa Kariba.

Wina adzati: "Migodi imadya pafupifupi theka la magetsi a dziko lino, bwanji mulimbana ndi kababu kanga?" Funso ili lifunsidwe ndithu kwa aphungu athu, ndipo ife tidzapitiriza kulifunsa. Koma kulakwa kwa wamkulu sikusandutsa kulakwa kwa wamng'ono kukhala cilungamo. Komanso mayuniti 30 aja satuluka m'thumba la mgodi, atuluka m'thumba lako.

Wina adzati: "Lakale ndi lochipa, ndalama ya LED ndilibe lero." Ici ndico cotsutsa colemera koposa, cifukwa mmphawi amagula za lero, za mawa aziona mawa. Boma linacotsa msonkho pa mababu osunga magetsi mu 2008 ndi colinga coti mtengo utsike. Koma ngakhale zili tero, tinene mosabisa: babu lochipa pa kauntala limadzalipiritsa pa mita mwezi ndi mwezi. Ngati simungathe kusintha onse, yambani ndi limodzi limene limayaka nthawi yaitali, la pakhonde kapena la pabalaza. M'magulu a banki ya m'mudzi ndi m'miphakati mungathe kusonkha ndi kugula katoni imodzi ya mababu abwino pamtengo wa pikulitsa. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa ife akristu pali cinanso coposa mayuniti. Mu Uthenga Wabwino wa Marko, mutu 7, Ambuye Yesu anadzudzula anthu amene anapeza njira yozembera lamulo lolemekeza makolo. Munthu anali kungochula cuma cake kuti ndi Korbani, ndiye kuti coperekedwa kwa Mulungu, ndipo basi, atate ndi amai ake sanali kulandirako kanthu. Mau anali oyera, koma colinga cinali kuthawa udindo. Munthu amene alibe ngakhale nkhuku imodzi koma anena pa sitolo kuti "ndipatseni a nkhuku", wacita Korbani wa masiku ano. Sitinena kuti kuyatsa babu lakale ndi cimo lalikulu lothamangira nalo ku kulapa. Tinena kuti cizolowezi cofunafuna zibowo sicithera pa babu. Amene azolowera bodza laling'ono pa babu adzalicitanso pa sikelo yogulira thonje, pa thumba la feteleza wa FISP ndi pa buku la copereka. Malemu Papa Fransisko, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, anachula kuzimitsa nyali zosafunika pakati pa zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku zimene mkristu amasamalira nazo cilengedwe. Cikhulupiriro cimaonekera pa tinthu totere.

Motero tipempha izi. Ku boma: lembani poyera, m'Cinyanja ndi m'Cinsenga, ndipo muulutse pa mawailesi a m'cigawo cino, kuti ndi mababu ati oletsedwa ndipo mlimi wa nkhuku agwiritse nchito ciani. Alangizi a zaulimi ndi a zaziweto akhale ndi yankho limodzi. Nyali zotenthetsera anapiye zigulitsidwe ndi dzina lake, m'masitolo a zaulimi, pamtengo umene mlimi wamng'ono angakwanitse. Khomo loyenera likakhala lotsegula, anthu sadzalowera pa zenera.

Ku bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency, a ZRA ndi makhonsolo athu: musathere mphamvu pa mai wa kantemba amene ali ndi mababu khumi. Tsatani kumene katoni icokera. Ndipo diso lomwelo liyang'ane mababu a LED acabecabe, cifukwa ndiwo abwezera anthu kumbuyo.

Kwa amalonda, ambiri a inu ndinu akristu anzathu ndipo timakhala benchi limodzi pa Sondo: gulitsani cinthu ndi dzina lake. Lembani tsiku pa babu la LED pogulitsa, ndipo likafa msanga mulisinthe. Wogula amene mwamucitira cilungamo adzabweranso ndi mnzake.

Ku makhonsolo a maparishi ndi akomiti a machalichi a kumidzi: tiyambe ndi nyumba yathu. Werengani mababu a m'chalichi, mu holo ndi m'nyumba ya katekisiti. Ndalama imene ipita ku mayuniti osafunika ndi ya mbale ya copereka, yocokera kwa amai amasiye. Mababu opotana aja amene timawacha enaji seva ali ndi mtovu wa mekyule mkati, umene ndi poizoni. Maiko atakumana ku Bali mu 2022 pansi pa pangano la Minamata, anagwirizana, potsatira pempho la maiko a mu Africa, kuti kupanga ndi kugulitsana mababu otere a m'nyumba kuthe pofika 2025. Akapsa musawaphwanye, musawaponye m'moto kapena pafupi ndi citsime, ndipo ana asaseweretse. Likasweka m'nyumba, tsegulani mazenera ndi kutuluka kwa kanthawi musanasese.

Kwa amai a anapiye aja, yankho lathu ndi ili. Simunali opusa pomvera lamulo, amai. Munalakwiridwa ndi uthenga wosakwanira, ndipo safunsa anadya phula, koma inu mwafunsa. Mnzanu amene anatenthetsa anapiye ake sanacimwe pofuna kupulumutsa ziweto zake. Amene tiwafunsa mlandu ndi aja abisala kumbuyo kwa nkhuku zanu kuti apitirize malonda a usiku, ndi aja ayatsa "a nkhuku" pakhonde usiku wonse pamene cipatala cidalira jenereta.

Cilala cinabwera mu 2015, cinabweranso mu 2019 ndi mu 2024, ndipo palibe angalonjeze kuti sicidzabweranso. Mvula ili m'manja mwa Mulungu, koma swichi ili m'manja mwathu. Madzulo ano musanagone, kwezani maso muone cimene capacikika ku denga lanu, ndipo mudzifunse ngati m'nyumbamo muli anapiye.